Juzi ya Ulusi Wobiriwira

Ndikukumbukira sukulu ya kumudzi kwathu, kuseri kwa Nkando. Lamulungu inali tchalitchi, masiku enawa n'kukhala kalasi. Mabenchi ake anali adothi, ozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ine sukuluyo ndinangoilawa chaka chimodzi. Zilembo zinakana kukhazikika m'dzanja langa, moti izi akundilembera mdzukulu wanga, ine ndikungolankhula. Koma khutu ndinali nalo, ndipo Lachisanu linkafuna khutu.

Tsiku limenelo aphunzitsi athu, a Namaona, ankabwera ndi thumba lachiguduli. Ankatigawa pawiri, a kuzenera ndi a kuchitseko. Akapisa dzanja m'thumbamo, kalasi yonse inkangoti zii, ngati anapiye kabawi akamadutsa. Kenaka ankatulutsa chinthu n'kuchikweza m'mwamba: "Wati izi disi?" Woyamba kuimirira n'kuchitchula m'Chingerezi, gulu lake linkaponyeredwa kamwala m'chitini. Dzira linali egi, mpeni unali naifi. Tsiku lina anatulutsa chule wamoyo, ndipo m'malo moyankha, magulu onse awiri anathawira panja. Ine mawuwo ndinkawaloweza popita kuchitsime, kuwaimba ngati nyimbo ya pamtondo, mpaka amayi ankati mwana wangayu yamugwira mizimu ya azungu.

Chaka chimenecho chiperoni chinabwera cholusa. Phiri linabisala m'nkhungu, kamvula kowaza kosatha, ife n'kumafika kusukulu mano akugundana, kansalu kamodzi paphewa. Ndiye kutchalitchi kunafika bokosi la zovala kuchokera kutsidya kwa nyanja. Akuluakulu a mpingo atagawira amasiye ndi nkhalamba, inatsala juzi imodzi yamwana, yofiira ngati phwetekere wakupsa. Ana tinalipo ambiri, juzi imodzi. A Namaona anati aitenga ndi amene atsale chiimirire pampikisano wa Lachisanu.

Tsikulo panalibe magulu. Aliyense payekha, wolephera ankakhala pansi. Tinatsala awiri, ine ndi Dayitoni, mwana wa akapitawo a kumunda wa tiyi, amene ankadziwa Chingerezi mpaka chotukwanira chomwe. Aphunzitsi anapisa m'thumba n'kutulutsa kanthu koti sitinakaone mpaka kananyezimira. Inali singano. Dayitoni anayang'ana kudenga. Ine pakamwa panangotseguka pokha: "Disi izi e nidulo." Juzi ija ndinaivalira pomwepo. Inali yofunda, yoyabwa pang'ono pakhosi, ndipo inkanunkhira sopo amene sindinamumvenso kwina kulikonse mpaka lero.

Ndinafika kunyumba ndikuyenda ngati mkwatibwi. Amayi ankasenda chinangwa pakhonde. Anaika mpeni pansi.

"Wakupatsa ndani?"

"Ndawina kusukulu, amayi."

"Sindinafunse zimenezo, iwe Felesiya. Mwini wake ndani?"

Sindinadziwe. Anandivula, n'kuipachika kudenga. Paja kwathu mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu. Akakutumizira ndiwo, umabweza mbaleyo muli kaufa, kapena mtedza, ngakhale timasamba ta chisoso. Wodya osabweza ankanenedwa kuchitsime, ndipo amayi, amene makolo awo anachoka ku Mozambiki alibe kalikonse koma ulemu wawo wokha, kunenedwako ankakuopa kuposa mphepo. "Mpaka tibweze mbale," anatero, "juziyi ndi ya eni ake."

M'mawa mwake anathira nandolo m'mbale yawo yaikulu yamaluwa, ya paukwati, n'kusenza ulendo wa kunyumba kwa aphunzitsi, ine pambuyo. A Namaona anakanda m'mutu. Anati bokosilo linabwera pasitima ya pamadzi, ndipo opereka sanalembepo dzina. Amayi anagwira pakamwa. "Inu aphunzitsi, munthu wopanda dzina amapereka bwanji? Nanga zikomo wake amamulandirira ndani?" Nandolo uja tinabwerera naye.

Lolemba, aphunzitsi ataona kuti ndabwera ndi kansalu kanga kakale, anasiya masamu n'kutifunsa funso la m'Chichewa lomwe linativuta kuposa onse a m'thumba aja. Anati, chimachititsa munthu kupatsa mnzake amene sadzamuona n'chiyani? Wina anati azungu zovala zimawachulukira, amangotaya. Wina anati akugula malo kumwamba. Dayitoni, mtima ukumuwawabe, anati mwini wake anamwalira, ndipo ine ndizimulota. Aphunzitsi sanaweruze mlanduwo. Anangoti tikafunse kunyumba.

Ndinakafotokoza zonse. Amayi anatsitsa juzi ija, anatuluka nayo panja powala, n'kuitembenuza uku ndi uku. Pachigongono chakumanzere panali posoka ndi ulusi wobiriwira, timizere tating'onoting'ono tolukana ngati mkeka. Anapasisita ndi chala nthawi yaitali. "Wotaya sasoka," anatero. "Uyu ndi mayi mnzanga. Ulusi wofiira unamuthera, koma sanafune kuti mwana wa eni ake alandire chobooka." Ine ndinati basi, andiveka. Ayi ndithu. Anaipachikanso, poti tsopano mbale yoti tibweze ija inali ndi mwini wake weniweni, wa manja ndi maso.

Masiku anapita. Podya ndinkangoyang'ana kudenga, juzi ikuyamba kuda ndi utsi, ine ndikuyamba kutsokomola. Ndinkadzifunsa za mwana amene anaibowola pachigongonoyo. Kodi ankatsamira patebulo polemba? Kodi kwawoko kuli chiperoni? Kodi amayi ake nawonso ndi ovuta chonchi?

Loweruka lina amayi anasenzanso nandolo uja, n'kundiuza kuti tiye. Tinayenda mpaka dzuwa kufika pamutu, tinatulukira kuchipatala cha ku Mishoni. Ine ndinkayesa tabwerera chifuwa changa. Koma iwo anakhotera kumene odikirira odwala amaphikira, anaima n'kumayang'ana uku ndi uku ngati akusankha nsalu m'sitolo. Pakona panali mayi wina wowonda, wa kutsidya kwa malire, akukupiza moto pansi pa mphika wa madzi okhaokha. Amayi anagwada, anatula mbale patsogolo pake, anamulonjera m'Chilomwe mawu ochepa, n'kunyamuka. Mayiyo anatitsatira akuitana: "Mbale yanu, amayi. Dzina lanu ndani? Kwanu n'kuti?" Amayi anandigwira dzanja n'kuonjezera liwiro, osacheuka.

Titafika pamsewu ndinawafunsa za mbale yawo ya paukwati ija. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Musiye. Nayenso akavutike nayo monga ndavutikira ine." Titafika kunyumba anatsitsa juzi, anaikutumula mwaye, n'kundiveka okha. Ndinaivala mpaka manja ake anakwera kufika m'zigongono, kenaka inapita kwa mng'ono wanga, ulusi wobiriwira uja usanaduke.

Masiku ano zovala zoterezi zimaunjikidwa pamsika pa Nkando, anyamata akukuwa kuitanira malonda. Ukalipira nkhani yatha, palibe mbale yobweza. Adzukulu anga mpikisano wa Chingerezi amachitira pafoni, foniyo n'kumalira akalakwa, koma chule wamoyo satulukamo. Sindikudandaula, akudziwa zambiri kuposa egi ndi nidulo wanga. Kungoti ine ndikadutsa pakaunjika ndimatembenuzabe zigongono za majuzi, ogulitsa n'kumandiseka kuti agogo, mukufuna yobooka? Ndipo pamaliro kapena pachinkhoswe ndikaona mbale yamaluwa, ndimaiyang'anitsitsa. Ndimafuna nditadziwa kuti ya amayi ija yafika pati.