Chidutswa cha Mkate Chimene Achimwene Anabisa

Achimwene anga ali ndi esiteti yaing'ono ya fodya cha ku Kachebere, ndipo ali ndi matenda amodzi osachizika: safuna kuti chinthu chatsopano chiyambire pakhomo pa munthu wina. Sola inayambira kwa iwo. Thanki ya madzi inayambira kwa iwo, ngakhale inakhala nthawi yaitali ilibe dontho. Ine ndinabwerera pakhomopo amuna anga atamwalira. Ntchito yanga inali kuphika, kukazinga mandasi okagulitsa kwa madalaivala kuboda, ndi kutseka pakamwa. Ntchito yachitatuyi sindinkaikwanitsa bwino.

Mwana woyamba wa achimwene anapita ku Israeli kukagwira ntchito m'minda ya tsabola. Nthawi ya Pasaka, mwini munda anaitana anyamata achimalawi kuti adye nawo phwando limene Ayuda amakumbukira kutuluka kwa makolo awo mu ukapolo ku Iguputo. Mnyamatayo anatisimbira pafoni, mawu ake ali ofatsa. Anati nkhalamba ya pakhomopo inalira pofotokoza nkhaniyo, chifukwa lamulo lake ndi lakuti aliyense azidziona ngati watuluka yekha mu ukapolomo. Ine zinandikhudza. Achimwene zimene anatolapo ndi zakuti m'Mchinji monse palibe amene anachitapo phwando lotero.

Chaka chotsatira analengeza kutchalitchi kuti pakhomo pawo padzakhala Pasaka yeniyeni, yotsata malamulo a eni ake.

Nyengo yomweyo panali munthu wina amene anali ndi nkhani yeniyeni. Anali tenanti wathu wamkulu, bambo wa ku Phalombe, amene anakhala pa esitetipo zaka zambiri osapondako kwawo. Uthenga unabwera woti mayi ake adwala kwambiri ndipo akumufunsa. Anapita kwa achimwene chipewa chili m'manja. Iwo anati apita tikangomaliza kusoka fodya. Titamaliza kusoka anati tikangomaliza kusankha. Kusankha kuli mkati anayamba kunena za kudinda mabelo. Kuchoka popanda chilolezo sakanatha, chifukwa mkazi wake ndi ana akanawatulutsa m'nyumba tsiku lomwelo. Ndinkamuona m'chigafa akusankha masamba, foni ili m'thumba la malaya, ndipo ikalira ankayamba waiyang'ana kaye ngati njoka. Ndinalankhulapo kwa achimwene, koma anandiuza kuti ndisamale za mandasi.

Mandasiwo ndi amene anayamba kuzunzika. Lamulo loyamba linali lakuti chofufumitsa chilichonse chichoke m'nyumba. Achimwene anayatsa kandulo, natenga nthenga ya nkhuku, nayamba kukwawa pansi pa mipando kusaka nyenyeswa za buledi. Munthu amene chibadwire sanagwirepo tsache! Yisiti wanga yense anakamutaya pamoto. Thobwa linakambidwa mlandu tsiku lathunthu, mpaka linapezeka lolakwa. Atamva kuti Ayuda ena amagulitsa zofufumitsa zawo kwa munthu amene si Myuda kenako n'kudzaziwombola phwando likatha, anatenga katoni ya mabisiketi a m'golosale yawo n'kukaipereka kwa wosintha ndalama wina wa kuboda, mnzawo wa bawo. Anaiwala kumufotokozera mbali yachiwiri ya mwambowo. Pofika madzulo ana a bambo uja anali atatupa mimba.

Mkate wopanda chofufumitsa ndinaphika ndine. Ufa wa tirigu ndi madzi basi, opanda mchere, opanda mafuta. Achimwene anaima pambali panga foni ili m'manja, akundikuwiza kuti mtanda ukakhalitsa uyamba kufufuma wokha ndipo ndidzakhala nditachimwitsa banja lonse. Zimene zinatuluka m'chiwaya zinali ngati zidutswa za katoni. Ndinalawa chimodzi n'kumvera chisoni mano a abusa.

Pa mbale yaikulu panali fupa lambuzi lootcha, dzira, madzi amchere oimira misozi, luni wosaphika woimira kuwawa kwa ukapolo, ndi chiponde chosakaniza nthochi choimira dothi limene akapolo ankaumbira njerwa. Vinyo mpingo wathu umaletsa, ndiye makapu anayi olamulidwawo anakhala a sikwashi wofiira.

Koma lamulo limene achimwene analikonda kwambiri linali la chidutswa chobisika. Mwini phwando amanyema mkate umodzi pakati, n'kukulunga chidutswa chachikulu m'kansalu, n'kuchibisa. Phwando silitha mpaka chidutswacho chitapezeka n'kudyedwa, ndipo wochipeza sachibweza ulele: amapempha chimene akufuna. Achimwene anali atagula kale kanjinga ka mdzukulu wawo, n'kukabisa m'sitolo. Masana ndili kukhitchini ndinawamva akumuphunzitsa mwanayo kuti akayang'ane kuseri kwa wailesi, ndipo akachipeza anene mokweza kuti akufuna njinga. Anamubwerezetsa mpaka mwanayo anayamba kulira.

Alendo anafika dzuwa likulowa: abusa, akuluakulu ampingo, ndi bambo wina wothandiza anthu kuwombola katundu kuboda, amene anabwera ndi foni yabwino yojambulira. Popeza mwana wawo anali atanena kuti ku Israeli antchito anakhala pagome limodzi ndi bwana, achimwene sanafune kupitiriridwa. Anaitana banja limodzi la matenanti ngati chitsanzo, ndipo anasankha la bambo wa ku Phalombe uja poti ndi amene anali ndi jekete. Matenanti ena onse ankaonerera pawindo, pamene achimwene ankawerenga mokweza mawu otsegulira akuti aliyense wanjala alowe adzadye.

Anatiuza kuti tizimwa titatsamira kumanzere, chifukwa ndi mmene mfulu zimadyera. Tonse tinapendekeka ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Abusa anatsamwa. Tenanti uja yekha anakhala mowongoka kunsonga kwa mpando. Achimwene anamukalipira kuti atsamire ngati mfulu, iye n'kutsamira msangamsanga, nati, "Chabwino bwana."

Apa mtima wanga unayamba kutentha. Unafika powira pamene achimwene anayamba kusimba za Farao. Anasimba bwino, ndisaname. Anayerekeza mawu a mfumuyo ikulonjeza kuti anthu apita mawa, mawa likafika n'kusintha. Anapukusa mutu, nafunsa alendo kuti kodi munthu angaume mtima chotero bwanji. Akuluakulu ampingo anausa moyo. Tenanti uja ankatafuna luni pang'onopang'ono, maso ali m'mbale. Tinaviika chala m'kapu n'kudontheza sikwashi pa mliri uliwonse umene unagwera Iguputo, ndipo achimwene ankayang'ana ngati wojambula uja akuwajambula mbali yabwino.

Atanyema mkate uja n'kukaubisa, anabwerera akupukuta m'manja. Foni itawaloza, analengeza kuti aliyense m'nyumbamo, wamkulu kaya wamng'ono, amene apeze chidutswacho apemphe chilichonse, ndipo iwo apereka. Abusa anafunsa moseka ngati akutanthauzadi chilichonse.

"Chilichonse, abusa. Si ine ndikunena, ndi lamulo. Pano sitisewera."

Ine ndinanyamuka kukatenga nyama. Njira ya kukhitchini imadutsa pawailesi. Pobwerera ndinawerama pogawira mkazi wa tenanti uja, n'kumugwetsera kansalu kaja pachitenje. Anandiyang'ana ali ndi mantha. Ndinamuponda chala n'kupitirira ndi poto wanga.

Titatha kudya, kusaka kunayamba. Mdzukulu anathamangira molunjika kuwailesi ngati mbuzi yodziwa khola, osayerekeza n'komwe kuyang'ana kwina. Anapisa dzanja, napisanso, kenako anatembenuka n'kunena pamaso pa onse kuti agogo palibe pamene munanena paja. Wojambula uja anaseka mpaka foni inagwedera. Achimwene anasuntha wailesi, nasuntha kabati, thukuta lili kamukamu. Abusa anafunsa ngati tingathe kungotseka ndi pemphero, poti kunja kunali kutada. Achimwene anakana. Anali atanena okha kuti phwando silitha popanda chidutswacho.

Mkazi uja anamupatsira mwamuna wake chidutswa chija pansi pa gome. Ndinaona bamboyo akuchigwira nthawi yaitali. Ndinkaopa kuti achibweza mwakachetechete n'kupepesa, chifukwa ndi mmene zaka zonsezo zinamuphunzitsira. Koma anaimirira, nachiika pagome, dzanja lake lili pamwamba pake.

"Bwana, chili pano."

Achimwene anaseka kuseka kouma, nati wachita bwino, anene msanga, kaya ndi nsapato kaya thumba la feteleza.

"Ndikufuna ndipite kwathu mawa, ine ndi banja langa. Ndikawaone mayi."

Achimwene anayamba kunena za mabelo, kuti tikangomaliza kudinda, ndipo mawuwo anawafera m'kamwa, chifukwa anali mawu omwe aja anali atangowayerekeza ndi mawu a Farao. Anayang'ana abusa. Abusa anali atatanganidwa ndi kuyang'ana denga. Anayang'ana wojambula, koma foni inali ikadali m'mwamba. Kenako anayang'ana ine. Ndinatsamira kumanzere n'kumwa sikwashi wanga.

Anavomera. Anavomeranso mwaulemerero, ngati kuti maganizowo anali awo kuyambira kale, nauza alendo kuti ichi ndiye cholinga cha phwando lonse. Tinagawana chidutswa chija, aliyense kakang'ono, ndipo mwa mkate wonse wa tsikulo ndi chokhacho chimene chinandikomera. Pomaliza anatsegula chitseko kuti mneneri woyembekezeredwa alowe, monga mwa mwambo. Amene analowa ndi matenanti a pawindo aja, poganiza kuti tsopano nthawi yawo yakwana, ndipo nyama yonse yotsala inathera pomwepo.

M'mawa mwake ndinaperekeza tenanti uja ndi banja lake kuboda n'kuwakweza thiraki ya dalaivala wina wokonda mandasi anga, yopita ku Lilongwe. Tenantiyo anasiyira fodya wake mphwake amene analinso tenanti. Patapita masiku anandiimbira foni. Anati anawapeza mayi ake ali moyo, anamuzindikira, anamugwira kumaso n'kumudandaula kuti wakalamba. Anamwalira sabata yomweyo iye ali pambali pawo. Ndinalira pafonipo, ndipo sindikudziwa ngati kunali kulira kwa chisoni kapena kwa chimwemwe.

Bambo uja sanabwererenso. Chaka chotsatira achimwene anati aganizira bwino, miyambo imeneyi ndi ya chipangano chakale ndipo ife tili pansi pa chisomo. Yisiti wanga anapulumuka. Koma nkhani ya tenanti uja sinawachoke pamtima. Tsiku lina tikudya anayambanso kudandaula za kusayamika kwa anthu, kuti munthu umupatse chilolezo ndi mtima wako wonse, iye n'kupita osabwerera.

Ndinawafunsa kuti, "Achimwene, m'nkhani munatiwerengera ija, anthu aja atawoloka nyanja anabwerera kudzamaliza njerwa?"

Anapempha mchere.