Buku Layenda Lokha Pamaso pa Azimayi a Pemphero

Moni achibale nonse, ndi Chiko kuno ku Bolton.

Lero amayi apeza mabuku anga azithunzi a ku Japan, aja a achinyamata akuba okhala ndi mphamvu zamatsenga. Atamva kuti amawerengedwa kuyambira kumbuyo, anati ndi zausatana, n'kuitana azimayi akutchalitchi adzawapempherere.

Ine ndinamangirira ulusi pa buku limodzi. Pemphero litatentha, ndinakoka. Buku linayenda patebulo! Mmodzi wa azimayiwo, Mayi Gondwe, analumpha sofa, nsapato imodzi n'kutsala.

Koma amayi sanaseke. Angolowa kukhitchini, ngakhale yunifolomu yakuchipatala sanavule. Atsitsa sutikesi yanga, akuti ndikamalizire sukulu ku Malawi.

Kupepesa ndiye ayi, kulumpha kuja kunali kosaiwalika. Koma amalume, mwana n'kusiyana ndi mayi ake chifukwa cha ulusi? Alankhuleni chonde, asanagule tikiti.