Mutenge Onse Awiri

Makatuni sindinkawasamala. Ndinawadziwa chifukwa cha ana anga awiri, onse aakazi, chaka chimene mayi awo anamwalira.

Ndinali ndi foni yong'aluka galasi. Ku Kachulu, komwe ndimayanika matemba, kuli bambo wina amene amaika mafilimu pa memore ya foni. Ndinamuuza kuti andiikire za ana, mwina angaleke kulira. Anaika zinayi. Anawo anakondapo ziwiri. Ankazibwereza tsiku lonse pachisanja cha kumunda, mitu itagundana, mbalame zikudya mpunga umene ndinawatuma kuti azilondera.

Ndinaonera nawo kangapo. Kujambula kwake n'kwabwino, sindikana. Madzi amaoneka ngati madzi enieni. Koma nkhani ndi imodzimodzi: ana awiri a mfumu, mfiti yatenga wamkulu, wamng'ono wanyamuka wapansi kukamufuna. Amayenda masiku ambiri akuimba, osamva njala, mapazi osatupa. Pomaliza amakumbatirana. Amalume mulibemo. Palibe amene amakhala pamphasa n'kuyamba kugawa ana.

Kwathu kuno alipo. Ine ndine mkamwini, ana ndi a kuchikazi. Alamu anga aamuna, eni mbumba, anagamula kuti wamkulu apite ku Songani kwa mayi ake aakulu, azikathandiza pamsika uku akuphunzira. Wamng'ono atsale ndi ine mpaka mpunga ukololedwe, kenako ine andisudzule ndizipita kumudzi komwe ndinachokera. Sanandifunse.

Wamkulu anakwera minibasi Loweruka. Foni anamusiyira mng'ono wake.

Lachiwiri m'mawa ndinafika kumunda, mbalame zadzaza, pachisanja palibe munthu. Mayi wina wochokera kuchigayo anandiuza kuti wamuona wamng'ono uja pamsewu wa ku Zomba, atamanga chinangwa pakansalu. Ndinapalasa njinga nditakwiya. Ndinamupeza atakhala patsinde pa mango, patapata itaduka, chala chikutuluka magazi. Ndinamufunsa komwe amapita.

"Kukatenga achemwali," anatero. "Inu simupita."

Ndinafuna kumumenya. Dzanja linandilemera. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, njira ya ku Songani sankaidziwa n'komwe. Ndinamukweza pakaliyala, ndipo njinga sindinaitembenuze.

Tinafika dzuwa litapendeka. Sanakumbatirane ngati a m'makatuni aja. Wamkulu anayamba wamukalipira chifukwa cha patapata, kenako anatunga madzi n'kumutsuka phazi. Wamng'ono anagwira chitenje cha mkulu wake, osachisiya.

Mayi awo aakulu anandipatsa mpando. Sindinakhale.

"Alamu, awa sagawika. Mutenge onse awiri, kapena mundipatse onse awiri."

Anati sangandibwezere mwana popanda mawu a achimwene awo. Anawaimbira foni ine ndili pomwepo. Yankho linali lakuti munthu woti asudzulidwa posachedwa sangasunge atsikana awiri. Ndinkadziwa kale kuti atero. Ndinalankhula ndikudziwa.

Mawa lake ndinabwerera ndekha, onse awiri atatsala ku Songani. Foni ndinawasiyira. Mpunga wa chaka chimenecho ndinagawana ndi mbalame, poti sindikanatha kukhala kumunda ndi kunyanja nthawi imodzi.

Pano ndimapitako ndikapeza mpata, nditamanga matemba pakaliyala. Akula, makatuni aja anawaleka. Anzanga padoko akandifunsa ngati n'zabwino kuikira ana, ndimati aike. Amanama pa za njala ndi mapazi. Pa za mwana wofuna mkulu wake, sananame. Koma m'mafilimu onse awiri aja, bambo wa atsikanawo sindinaone komwe anathera.