Bala la pa Ntchafu ya Apongozi

Mpaka lero ndikamva fungo la magolovesi a labala, mtima umandiwawa. Ndinkagwira ganyu pa fakitale ina ya zitseko ku Montague Gardens, kudziko la eni, ndipo abwana anati amene akhoze maphunziro a chithandizo choyamba amulemba ntchito yokhazikika. Mkazi wanga anali woyembekezera. Ntchito imeneyo ndinkaifuna ndi mtima wonse.

Anatiphunzitsa kutseka bala lakuya, lija magazi amachita kutumphuka. Sungophimba pamwamba ayi. Umalowetsa chala mpaka pamene magazi akuchokera, n'kumatsendera bandeji m'katimo mpaka bala lidzaze, kenako n'kutsamirapo ndi thupi lonse. Tinkayeserera pa ntchafu ya labala yokhala ndi kampope kotulutsa madzi ofiira. Sikudzitama, koma manja anga anali achangu kuposa a onse. Ngakhale kunyumba ku Kraaifontein ndinkakhalira kutsendera mpango m'kapu, mkazi wanga akundiseka.

Tsiku la mayeso, wotiyesa, bambo wosaseka ndi munthu, anati ntchafu ya labala aimangirira pa munthu weniweni. Pofika ine, analoza mayi wokolopa pafakitalepo kuti agone pansi. Mayiwo anali apongozi anga, omwe anandipezera ganyuyo. Kwathu apongozi sudya nawo mbale imodzi, ukakumana nawo panjira umapatuka. Ndiye lero ndiwagwadire pamiyendo, dzanja lili pa ntchafu yawo?

Ndinapempha mwaulemu kuti andisinthire munthu. Anyamata analipo ambiri, angoti manja lende. Iye anangoyang'ana wotchi yake. "Magazi sadziwa apongozi, m'bale wanga. Yamba."

Ndinagwada chapatali, nkhope ndayang'ana kumbali, n'kutambasula mkono ngati ndikuotha moto waukulu. Bandeji ndinailowetsa ndi nsonga za zala, koma kutsamirapo ndinalephera. Madzi ofiira anayenderera pa yunifolomu yawo mpaka pasimenti. "Wovulala wako wafa," anatero woyesayo, n'kuitana wina.

Ndinapsa mtima kwambiri. Kusintha munthu kukanamuchotsa chiyani? Ankayesa manja anga, kapena ankangofuna kuona Mmalawi akudya manyazi pagulu? Anzanga a kumudzi anazolika, palibe anandilankhulirako. Ntchito ija abwana anaipereka kwa munthu amene ndinkamuphunzitsa ndine nthawi ya nkhomaliro.

M'sitima pobwerera, apongozi anakhala kutali monga mwa masiku onse. Ndinkadzitonthoza kuti iwo okha andimvetsa, poti ulemuwo ndinkachitira iwowo. Madzulo ake mkazi wanga anapita kukawaona kwawo, n'kubwerako maso ali psuu. Sanakhale n'komwe pansi.

"Amayi akuti ndikuuzeni," anatero, "makina a pafakitale paja amadula zenizeni. Tsiku limene adzavulale, ulemu wanuwo mudzausunge m'thumba. Akuti mudzawagwire."