Belu la Bambo Anga mu Nyimbo Yawo

Anzanga, ine Godwin ndinakumana naye kumpunga, ku Chinguluwe, ndikuingitsa mpheta pa puloti ya amayi.

Amene munalimapo mpunga mukudziwa. Timamanga zingwe n'kukolekapo zitini, ukakoka chingwe zimalira, mbalame n'kuthawa. Pa chingwe changa ndinawonjezerapo belu la njinga ya malemu bambo anga, losweka, lolira ngati lili ndi chimfine.

Tsiku limenelo ndinangoona anyamata awiri ataima m'mphepete mwa ngalande, wina atanyamula kamaikolofoni.

"Asisi, takokaninso chingwecho."

Ndinaganiza kuti mitu yawo sikuyenda bwino. Koma anandifotokozera kuti ndi Godwin ndi mnzake Pitala, amapanga house music ku Senga Bay, dzina lawo Maganga Two. Godwin anadzitama kuti iwo satola ma sound pa intaneti ngati ena, chilichonse amajambula okha: nkhafi zikamenya madzi, chigayo, ngakhale zitini zanga.

Anabweranso mawa lake ali yekha. Mkuja wake anabweranso, maikolofoni ataiwala dala.

Ndisaname, ndinamukonda. Tinkakhala pansanja yoingitsirapo mbalame, iye n'kundiveka ma headphones ake. Ankandiuza kuti ndisamangomva zomwe zili pamwamba pa nyimbo, ndizimvetsera zakumbuyo, chifukwa n'kumene kumakhala zoona.

Tsiku lina akujambula anandigirigisha m'nthiti mwadzidzidzi, ine n'kuphulika chiseko. Chisekocho anachiika mu nyimbo yawo, "Mpheta", pa drop, paja nyimbo imaphulika anthu n'kuyamba kudumpha.

"Lena, kuseka kotere sikupangika pa laptop," anatero. "Mpaka munthu umugwire ndithu."

"Mpheta" inalowa pa Top 20 ya wailesi ina pa namba 17. Sabata yotsatira 9, kenako 3. Anyamata anayamba kuitanidwa ku ma show ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ine ndinkayenda ngati ndagula Salima yense.

Nthawi yomweyo ndinayamba kosi ya utelala ku boma, Lachiwiri ndi Lachisanu. Masiku amenewo pa puloti pankakhala msuweni wanga Molly, mwana wa amalume.

Ndiye tizinthu tinayamba...

Foni ya Godwin inayamba kugona chafufumimba. Ma headphones ake anayamba kununkhira mafuta a tsitsi omwe ine sindidzola. Ndikafunsa ankati ndi ma fans, ndizolowere, umu ndi momwe zimakhalira ukatchuka. Lachiwiri lililonse ankati ali ku studio, koma Pitala ndinakumana naye kawiri ku boma ali yekha akudya chips.

Ndinadziletsa. Ndinati mwina ndi nsanje chabe, ndingagwetse chibwenzi ndi manja anga.

Kenako anatulutsa "Bwerera". Masabata awiri okha, namba 1! Ndinaimva koyamba mu minibasi, ndipo pa drop panali chiseko cha mtsikana. Sichinali changa.

"Akuseka uyu ndani?" ndinamufunsa Godwin nditawapeza ku studio.

"Sample chabe, babe. Ndatola pa intaneti."

"Inu a Maganga Two mwayamba liti kutola?"

Anaseka, akuti ndasanduka CID. Nditayang'ana Pitala, anawerama n'kuyamba kukulunga kebulo yomwe inali yokulunga kale.

Mawa lake masana ndinakhala pakhonde, n'kuvala ma earphones, n'kuchita zomwe anandiphunzitsa yekha. Ndinasiya zapamwamba, n'kumvetsera zakumbuyo. Ndinabwereza kasanu ndi kawiri.

Kuseri kwa chiseko chija kunali zitini. Koma ndinati zitini aliyense ali nazo pa sikimu ya mpunga. Ndiye pansi penipeni, kamodzi kokha, ndinamva kulira kwachimfine kuja.

Belu la bambo anga, anzanga.

Chiseko chija chinajambulidwa pa puloti yathu, pansanja yathu, tsiku lomwe ine kunalibe. Ndipo ndinali nditauzidwa kale momwe chiseko chotere chimapezekera.

Sindinakuwe, sindinatukwane. Ndinapita ku Senga Bay, ndinamupeza Godwin akuyesa ma speaker.

"Godwin, pa intaneti pali belu la bambo anga?"

Anangotembenuka n'kuyamba kugwiragwira ma speaker. Pitala anatuluka panja mwakachetechete. Molly naye sindinavutike kumufunsa. Atandiona ndikumasula belu pachingwe anangoyamba kulira.

Pano "Bwerera" ili sabata yachinayi pa namba 1. Ikulira m'minibasi, m'mabala, kwa ometa, ngakhale ku ukwati wa mnzanga Loweruka lapitali anaibwereza katatu. Anthu akuvina, ine ndikungodikira kabelu kaja.

Sindikuti muzifufuza mafoni a anzanu ayi. Koma mtima ukakuuzani kuti pali china chake, musaukalipire ngati momwe ndinachitira ine.

Belu ndinaliika m'sutikesi. Mpheta zikudya mpunga mbali imeneyo, amayi akudandaula, koma sindingathe kulimvanso likulira.