Thiranki ya Mkazi Wanga

Dzinja loyamba nditayamba ukalipentala wapakhomo, pulena yanga inachita dzimbiri. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale cha ku Lisasadzi, ndipo kuseri kwa nyumba ndinali nditamanga kachisakasa komwe ndinkakonzerako mipando ndi mafelemu a mawindo ndikaweruka. Zida zanga zinali zowerengeka: sowo, pulena, hamala, sikweya ndi matchizulo awiri. Zonse zinkagona m'thumba la feteleza, ndipo chinyezi chinkazipeza momwemo.

Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita kuboma ku Kasungu kukafuna bokosi losungiramo zida. M'sitolo ina ndinapeza lofiira, la madilowa atatu, lonyezimira mochita kudzionerapo nkhope. Nditamva mtengo wake ndinangoti, "Ndimangoona nawo," n'kutuluka cham'mbuyo. La pulasitiki linali lotchipa, koma sowo sikanakwanamo. Kumsika, bambo wina wokhoma zidebe anati atha kundipangira la malata akale, ndipo ndalama imene anatchula ndinali nayo ndithu m'thumba. Tsoka ilo, pafupi pomwepo wina ankagulitsa kalampu yopanira matabwa, yakale koma yolimba, ndiye ndalama ya bokosi ija inathera pamenepo.

Wina angafunse kuti nanga kalipentala osangokhoma lake la matabwa bwanji. Kuumira. Thabwa lililonse ine ndinkaliona ngati mpando wogulitsa. Ndili ndi matenda ena ake: ndikapeza njira yozembera kugula chinthu, ndimadziona wochenjera kuposa Kasungu yense. Ndili m'minibasi pobwerera, kalampu ili pamiyendo, ndinakumbukira kuti kuchipinda kwathu kuli thiranki.

Thirankiyo inali ya mkazi wanga, bokosi lachitsulo lakuda lomwe anapita nalo kusekondale ali mtsikana. M'nyumba monsemo chinthu chimene chinali chakechake chinali chimenechi basi. Ankasungamo zitenje zake zatsopano ndi yunifolomu ya gulu la amayi kutchalitchi: bulawuzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Yunifolomuyi anali asanaivalepo. Chaka chathunthu ankayenda wapansi Lachinayi lililonse kupita kukalasi ya gululo, nsalu anagula yekha atagulitsa mtedza wake, ndipo ankayembekezera Lamulungu la Kanjedza kuti akavekedwe pamodzi ndi anzake pamaso pa mpingo.

Masiku amenewo iye kunalibe. Anali kwawo ku Kaluluma kwa masabata atatu, kukathandiza amayi ake kusoka fodya. Ndikanatha kumuimbira foni. Sindinaimbe chifukwa ndinkadziwa yankho lake.

Ndinayeza sowo m'thirankimo, inalowa bwinobwino n'kutsalako malo. Zovala zake ndinazisamutsira m'katoni ya sopo. Bulawuzi ija ndinaiona, sindinganame, ndinaigwira ndi manja angawa ili yopindidwa bwino m'pepala. Katoniyo ndinaikankhira pakona kuseri kwa bedi, pomwe simenti inang'ambika kalekale, ndikudziuza kuti mawa ndikhoma shelefu. Mawa lakelo ndinatanganidwa ndi kugawa zipinda m'thiranki, cha matchizulo pachokha, cha misomali pachokha. Mnzanga wina wophunzitsa sitandade sikisi atabwera kudzaona, ndinamuonetsa monyadira kuti bokosi lonseli sindinaonongepo ngakhale tambala.

Mkazi wanga anabwera Loweruka masana, mawa lake kuli mwambo uja. Anabwera ndi amayi ake, omwe anasiya fodya m'chigafa kuti adzaone mwana wawo akuvekedwa. Apongozi anakhala pamphasa panja, ine nditawalonjera chapatali monga mwa ulemu ndinabwerera kuchisakasa. Posakhalitsa mkazi wanga anatulukira.

"Bambo, thiranki yanga ili kuti?"

"Ndi iyi, ndasungiramo zida. Dzimbiri linayamba kundionongera pulena. Zovala zanu zili bwinobwino m'katoni."

Tinalowa limodzi kuchipinda. Atanyamula katoni ija, pansi pake panatsalira pasimenti, dothi lofiira lili mbwee. Chiswe. Chinali chitaboola zitenje ziwiri, chitadya theka la duku, ndipo bulawuzi kumsana konse inali mabowo okhaokha. Anaitambasula m'mwamba, kuwala kwa pawindo kukudutsa m'mabowomo. Ine m'malo mopepesa ndinayamba kulongosola za mng'alu wa simenti, kuti ndinawauza kale a komiti ya sukulu. Iye anangopinda bulawuziyo, anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje kuti amayi ake asaone, n'kunyamuka ulendo kwa amayi otsogolera gulu lija kukabwereka ina.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza. Amayi asanu ndi awiri anaima kutsogolo, wanga ali kumapeto, atavekedwa bulawuzi ya munthu wonenepa kawiri kuposa iye, yomangidwa ndi mapini m'mbali. Manja ake a bulawuziyo ankafika m'zala. Ine ndinali kumbali ya abambo, benchi yachitatu.

Kenaka mayi wotsogolera uja anaimirira kupereka malangizo. Anayankhula za kuchereza alendo, za kuyendera odwala, ndipo pomaliza anati, "Yunifolomu iyi si sanza. Mmodzi mwa inu wandiuza yekha kuti anaisiya pansi m'katoni mpaka chiswe chadya. Mayi wosasamala chovala chake cha kwa Mulungu angasamale bwanji nyumba?" Sanatchule dzina, koma mapini aja ankaoneka mpaka kukhomo. Mitu yonse inatembenukira kwa mkazi wanga. Apongozi anawerama.

Apa m'pamene ndinadziwa zimene mkazi wanga anakanena kwa mayiyo dzulo lake. Mlandu wanga anausenza yekha, kuti mwamuna wake, mphunzitsi, asasekedwe pamudzi. Manyazi anandigwira mpaka thukuta kutsika mumsana. Ndinkafuna kuimirira, koma sindinatero. Ndinayang'ana buku la nyimbo ngati muli china chatsopano.

Titatuluka, anthu akupatsana moni pabwalo, mayi wotsogolera uja anandilondola. Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, mwachifundo chenicheni. Mkazi wanga anali chapafupi ndi amayi ake, moti ankamva zonse.

"Aphunzitsi, musakamukalipire kunyumba," anatero mayiwo. "Ndi mwana uyu, aphunzira kusamala zinthu. Inu mungomupirira."

Mkazi wanga anakweza maso n'kundiyang'ana, kudikira. Mpata unalipo, mawu ake anali ochepa, ndipo ndinkawadziwa. Ndinavula chipewa, ndinawerama pang'ono, n'kunena kuti, "Zikomo amayi, ndamva."