Nyimbo imene inagwetsa abambo m'fumbi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, amene ankaimba ng'oma m'bandi ina pa Nkhamenya. Bandiyo inkaimba roko, nyimbo za magitala amagetsi olira mokalipa. Ine ndinali wa zingwe: kunyamula masipika, kulumikiza maikolofoni, kuliza jenereta, kenako kukhala pa mikisa n'kumakweza kapena kutsitsa mawu. Ndinkadzimva koopsa, chonsecho gitala sankandilola n'kuikhudza komwe.

Pakamwa panga m'pamene panandilakwitsa. Tsiku lina tikukulunga zingwe, ndinawafotokozera eni bandi za abambo anga. Abambo anali msilikali, ndipo anatumizidwa ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Chibwerereni, chinthu chikaphulika, ngakhale tayala la njinga, amadzigwetsa pansi. Chifukwa chake anandiuza kamodzi kokha, tili awiri m'chigafa tikusoka fodya: mnzawo anawomberedwa akudya naye mbale imodzi.

"Imeneyo ndi nyimbo, mphwanga," anatero eni bandi. "Tiwalemekeza madalawo."

Tsiku loiimba koyamba, masana pabwalo la mpira, ndinakawatenga abambo ndekha panjinga. Anavala jekete la kutchalitchi, nsapato atazipolisha. Ndinawakhazika kutsogolo, pafupi ndi sipika. Mawu a nyimboyo anali abwino, otamanda msilikali wolimba mtima. Koma pakati pa nyimboyo alamu ankamenya ng'oma motsanzira mfuti. Ndinazimva pokonzekera, ndipo mutu wangawu sunagwire.

Titafika pamenepo eni bandi anandikodola. "Kweza!" Ndinakweza mpaka kumapeto.

Abambo anadzigwetsa chafufumimba, manja kumutu, n'kuyamba kukwawa m'fumbi. Bwalo lonse linafa ndi phwete. "Eni ake nyimbo ndi amenewo!" anakuwa eni bandi pa maikolofoni, n'kulamula kuti ng'oma zibwerezedwe. Ine sindinatsitse. Ndinkaopa kuchotsedwa ntchito, ndipo manyazi ake ndikadali nawo.

Pobwerera abambo anakana kukwera njinga yanga. Anasasa fumbi pajekete, nati, "Zija ndinauza iwe. Sindinauze Kasungu."

Nyimboyo inatchuka mpaka ku Wimbe, kavinidwe kake n'kodzigwetsa pansi. Anthu ankaiyatsa pafoni akawaona abambo akudutsa. Abambo anasiya kupita kumsika, kenako kutchalitchi.

Lero ndikadali pa mikisa. Woimba akabwera ndi nyimbo yonena za munthu wamoyo, ndimayamba ndafunsa ngati mwini wakeyo waimva, apo ayi jenereta sindiliza. Fodya timasokabe limodzi ndi abambo m'chigafa chomwechija. Amandiuza zoti ndiwapatsire singano, basi.